Kuphika memo pa saiti mu Juni ndi Julaye: moto, mphepo ndi nsima yopsa

Chaka chilichonse kukangoyamba kuzizira funso limabwera lomwelo. Anyamata ongoyamba kumene ntchito, kaya yomanga, youmba njerwa kapena yocheka matabwa, amandifunsa kuti, "Akapitawo, inu 12 koloko ikamakwana nsima imakhala ili m'mbale, ife mpaka 1 koloko tikungopukuta misozi ndi utsi. Mumatani?" Ndayankha pakamwa mpaka kutopa, ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira.

Kwa amene sanagwirepo ntchito zapanja: memo ndi chakudya chamasana chimene antchito amasonkherana, wina ufa, wina ya ndiwo, n'kuphika pamalo a ntchito pomwepo. Khitchini palibe, mbaula yogula palibe. Zimene zilipo ndi njerwa, zidutswa za zitsulo, zitini ndi wilibala, ndipo zimenezo n'zokwanira.

Chimene chimakuchedwetsani si kuzizira ayi, ndi mphepo. Moto wa pamtetete mphepo ikuomba, malawi ake amagonera kumbali, poto n'kumangolandira zotsala. Mtolo wa nkhuni umatha madzi asanawire. Komanso malo amene kumazizira kwambiri ndi okwera. Dedza ndi wokwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kumtunda koteroko madzi amawira akangofika madigiri 95, safika 100. Amaoneka ngati akubwadamuka mwamphamvu koma kutentha kwake n'kochepa, n'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa ku Dedza kapena ku Chikangawa kusiyana ndi ku Nsanje. Achimwene a ku Joni, nkhaniyi ndi yanunso, Johannesburg ndi wokwera kuposa Dedza.

1. Yambani madzulo, musanaweruke

Ngati mawa ndi nyemba, ziviikeni lero. Zisankheni, zitsukeni, muzisiye m'poto momwemo madzi atazimiza bwino, muvundikire n'kutsendera njerwa pamwamba chifukwa cha makoswe ndi agalu. Nyengo ino usiku kumazizira, sizisasa.

Nkhuni zamawa zisagone pansi kapena pamtetete. Zisanjikeni pa njerwa ziwiri, mufunditse lata. Mame a mu Juni amanyowetsa nkhuni ngati kwagwa mvula, nanji kukabwera chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamabwera ndi nkhungu ndi mphepo yozizira kuchokera mbali ya ku Mozambique. Ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre kamatha kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka. Tinkhuni toyatsira timene mwawaza tating'onoting'ono, sungani m'thumba louma pamodzi ndi machesi.

Gwirizananinso madzulo omwewo kuti wophika mawa ndani. Akhale munthu mmodzi, wodziwika dzina. Mukangoti "aliyense aziyang'anako", nyemba zimapserera anthu khumi ali pomwepo.

2. Funani kumene mphepo sikufika

Tapani fumbi kapena phulusa, muwaze m'mwamba, muone kumene likupita. Miyezi ino mphepo imakonda kuchokera kummwera chakum'mawa, ija anthu akunyanja amati mwera, koma pa saiti imatha kukhota chifukwa cha zipupa, ndiye yesani nokha. Phikirani kuseri kwa mulu wa njerwa, mulu wa mchenga kapena chulu. Ngati palibe chilichonse, gonekani wilibala cham'mbali kuti itchinge, tayala lake likhale kutali ndi moto, kapena imikani lata ndi njerwa patali ngati phazi limodzi lalikulu kuchokera pamoto.

Lambulani udzu wouma mozungulira, mapazi atatu mbali zonse. Matabwa, penti, thinner (mankhwala osungunulira penti), petulo ndi jenereta zikhale kutali.

Yesero lalikulu ndi kulowa m'nyumba imene mukumangayo n'kukoleza moto pakona. Musatero. Mwaye ukalowa mu pulasitala umatulukirabe ngakhale mupake penti kangati, ndipo moto wa pa simenti yatsopano umasiya ming'alu. Mwininyumba akadzafika Loweruka, ndalama ya memo ya mwezi wonse idzathera kukonza pakonapo.

3. Mangani chitofu chotchinga poto

Mafuwa atatu ndi abwino m'khitchini mwa amayi momwe muli zipupa. Panja amalowetsa mphepo mbali zitatu. Chimene mukufuna ndi chitofu chotsekeka mbali zonse kupatula khomo la nkhuni.

Kumbani kadzenje kosaya, kuya kwake zala zinayi, kukula kwake ngati pansi pa poto wanu. Zungulizani njerwa zootcha mizere iwiri, musiye khomo limodzi. Pamwamba pa mzere wachiwiri gonekani zidutswa ziwiri za chitsulo cha m'konkire cha Y10 kapena Y12, zotsala popinda zitsulo zija, pakhale pokhazika poto. Kenako onjezani mzere wachitatu, wachinayi ngati poto ndi wamtali, kuti potoyo alowe m'kati mwa njerwa mpaka m'chiuno. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amakhazika poto pamwamba penipeni, mbali zake zonse zili pamphepo. Pakati pa poto ndi njerwa musiye mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri kuti malawi ndi utsi zizikwera mokhudza m'mbali mwa poto. Mukatseka kotheratu moto umabanika. Kuchokera pa makala kufika pansi pa poto pakhale masentimita 15 mpaka 20. Mipata ya pakati pa njerwa matani ndi matope.

Khomo lisayang'ane kumene mphepo ikuchokera, chifukwa nkhuni zimalilima n'kutha msanga, phulusa n'kumaulukira m'ndiwo. Liyang'ane cham'mbali.

Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga analetsa njerwa zootcha pa ntchito zikuluzikulu za boma ndi zamalonda, ndiye ma saiti ambiri masiku ano mupezapo mabuloko a simenti okhaokha. Mabuloko sagwirizana ndi moto: amang'aluka, nthawi zina amathetheka tizidutswa. Zikatero kumbani kangalande m'dothi, kuya kwake masentimita 20, m'lifupi mocheperako poto, mugoneke zitsulo zija mopingasa. Dothi lomwelo ndiye chipupa, ndipo limene mwafukulalo muunjike mbali ya mphepo. Zidina zosaotcha nazo zimagwira bwino. Miyala ya mumtsinje kapena iliyonse yonyowa isayandikire moto, madzi a m'kati mwake akatentha mwala umaphulika. Zidutswa za asbestos, malata akale ooneka ngati simenti aja, musazikhudze n'komwe. Lata ndi waya wonyezimira monga wa brickforce (woyala pakati pa mizere ya njerwa) zili ndi zinc, chitsulo choteteza ku dzimbiri, zikapsa zimatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa mutu ndi kunjenjemera usiku wake. Owotcherera zitsulo amaudziwa. Lata ntchito yake ndi kutchinga mphepo chapatali, si kuotcherapo nyama.

4. Ngati pali utuchi, pangani mbaula ya utuchi

Ocheka matabwa ku Chikangawa, akalipentala, ndi aliyense amene ali pafupi ndi shedi ya matabwa, simuyenera kuvutika ndi nkhuni. Utuchi umene mumaupondaponda umaphika nyemba mpaka kupsa popanda wosonkhezera. Ambiri anamvapo za mbaula imeneyi, anayesa kamodzi, inagumuka, n'kuisiya. Vuto lili pa katsenderedwe.

Pezani chitini chachitsulo cha malita 20. Ngati munali penti, chiotcheni kaye patali ndi anthu mpaka fungo lithe, inu mutaima mbali imene utsi sukupita. Chimenechi ndi cha moto basi, si chophikiramo. M'mbali mwake chapansi, zala ziwiri kuchokera pansi, boolani bowo loti mpini wa fosholo ulowe momasuka.

Mufunika mitengo iwiri yosalala kapena mapaipi awiri, kunenepa kwake masentimita 4 mpaka 6. Umodzi ulowe pabowo lija mogona mpaka pakati pa chitini. Wina uimirire pakatikati, utsamire pa nsonga ya wogonawo. Iyenera kukhudzana, chifukwa mukadzaizula njira ziwirizo zikhala imodzi: mpweya kulowera m'mbali, malawi kutulukira pamwamba.

Tsopano thirani utuchi pang'ono, wosapitirira zala zinayi, mutsendere ndi chidutswa cha thabwa kapena njerwa mozungulira mtengo woimirirawo, mnzanu ataugwira kuti usapendekeke. Tsenderani mpaka mukadinikiza ndi chala chachikulu pasalowe. Thiraninso zala zinayi, tsenderaninso. Musathire chitini chonse kamodzi n'kutsendera pamwamba pokha, chifukwa pansi pamakhala pofewa, ndipo pansipo ndi pamene moto umayambira. Pakafewa, njira ya mpweya imagumuka pasanathe theka la ola, mbaula n'kusanduka chiutsi chokhachokha. Mukatsala zala zitatu kuti chidzaze, lekani. Pamwamba pa utuchi yalani phulusa kapena matope ochepa kuti moto usayende pamwamba koma udye kuchokera m'kati.

Kuzula mitengo kumafuna kudekha. Yambani ndi woimirira: upotozeni pang'onopang'ono uku mukukweza, osagwedeza. Kenako wogonawo, chimodzimodzi. Suzumirani pamwamba, muone kuwala kolowera pabowo la m'mbali. Ngati sikukuoneka, njira yatsekeka, tsegulani ndi kawaya mosamala. Mukatero chitinicho musachinyamulenso n'kuchigwetsa pansi, ndiye ndi bwino kutsenderera pamalo pomwe muphikirepo.

Poyatsa, ponyani kapepala koyaka m'bowo la pamwamba, mulowetse tinkhuni tiwiri towonda toyaka pabowo la m'mbali. Poyamba pamatuluka utsi, kenako m'kati mwa bowo mumafiira, lawi n'kuimirira. Gonekani zitsulo ziwiri pamlomo wa chitini, poto akhale pazitsulozo. Poto akakhala pachitini penipeni amatseka mpweya, moto umazima. Chitini chotsenderedwa bwino chimayaka kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Mukafuna moto wambiri, lowetsani kankhuni kamodzi pabowo la m'mbali. Mukafuna wochepa, tsekani theka la bowolo ndi njerwa. Kuwonjezera utuchi moto uli m'kati sikutheka, mumadikira uthe.

Utuchi wake ukhale wouma ndiponso wosalala, wa sowo. Wa matabwa aawisi ongochekedwa kumene uyanikeni kaye padzuwa. Zopala za puleni pazokha sizigwirana, sakanizani ndi wosalala. Utuchi wa plywood, chipboard kapena wa matabwa othiridwa mankhwala ayi.

5. Si thabwa lililonse lili nkhuni

Pa saiti zoyaka zimakhala mbwee, koma zambiri si zophikira. Matabwa opaka penti kapena vanishi, matabwa obiriwira aja othiridwa mankhwala a chiswe, mapolo akuda onunkha phula, matabwa amene munathirira konkire atapakidwa oilo wakutha, zonsezi utsi wake ndi poizoni, ndipo phulusa la obiriwira aja lili ndi arsenic, poizoni woopsa. Nkhadze nayo musaotche, utomoni wake ndi utsi wake zimawononga maso.

Bulugamu wouma ndiye wabwino, amasiya makala. Paini amayaka msanga chifukwa cha utomoni, ndi wabwino poyatsira ndi pofuna moto wachangu, koma sachedwa kutha ndipo amadetsa poto. Zitsononkho nyengo ino zili paliponse anthu atangokolola, pemphani kwa oyandikana nawo. Poyatsa musagwiritse jumbo, chidutswa cha tayala, petulo kapena thinner. Petulo wothira pa nkhuni zimene mukuyesa kuti zazima amabwerera ndi moto mpaka m'chigubu chili m'manja mwanu. Nkhuni zonyowa ziimikeni mozungulira chitofu lero, mawa zidzakhala zouma.

6. Poto, mthiko ndi madzi

Zina zonse mungathe kupanga nokha, koma poto gulani. Sonkhani, mugule sefuliya ya malita 10 yokhala ndi chivundikiro chokwana bwino, ndi ina yocheperako ya ndiwo. Chitini cha penti, chigubu cha mankhwala a mbewu kapena ndowa ya malata si zophikiramo, ngakhale mutsuke motani. Ndowa ya malata ikakumana ndi tomato imasungunulira zinc m'ndiwo. Musanatereke, pakani kunja kwa poto phulusa lonyowa kapena matope, mwaye udzachoka osakwecha.

Mthiko ngati mwaiwala, semani wa mango kapena gwafa. Wa paini umasiya fungo la utomoni m'nsima. Madzi ophikira akhale ndi chigubu chawochawo, si a mumgolo umene mumaviikamo fosholo ndi zikombole. Wophika asambe m'manja ndi sopo, simenti ndi laimu zichoke. Kuzizira kumachititsa ulesi wosamba m'manja, ndiye mufunditseni madzi pang'ono. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mbale ya memo imapisidwa ndi manja ambiri.

7. Ndiwo iphikidwe m'mawa, ipse yokha inu muli pantchito

Kolezani moto mukangofika, ntchito isanayambe. Tayani madzi oviikira, thirani ena, terekani nyemba. Zikawira, zibwadamuke mwamphamvu mphindi zosachepera 20. Apa musachepetse: nyemba, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wachilengedwe amene amafa ndi kuwira kwenikweni, ndipo zongofunda osawira zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa.

Ngati muli ndi mbaula ya utuchi, zisiyeni pomwepo, wophika azingobwera kudzaona madzi. Powonjezera thirani otentha, ozizira amabwezera poto m'mbuyo.

Ngati mulibe, zikulungeni kuti zipse ndi kutentha kwa m'poto. Konzeranitu katoni yaikulu kapena dzenje, muyalemo udzu wouma, ziguduli kapena bulangete lakutha. Phulani poto ali chiwirire, yang'anani kuti pansi pake sipanamatirire khala la moto, mukulungeni ndi nsalu, muikeni m'katimo, muphatikize udzu m'mbali monse ndi pamwamba mothithikana. Thumba la feteleza lisakhudze poto, limasungunuka. Poto akhale wodzaza ndithu, chifukwa wa theka amazizira msanga, ndipo pasapezeke wovundukula "kungoona". Kuyambira 7 koloko mpaka 11 koloko nyemba zoviika zimakhala zafewa kapena zatsala pang'ono. Zibwezereni pamoto ziwirenso, ndiye muthire mchere, tomato, anyezi ndi mafuta. Tomato wothira koyambirira amalimbitsa makoko. Soda amafulumizitsa, koma kakhale kotsina ndi zala. Wochuluka amawononga kakomedwe ndi zina zofunika m'thupi.

Tsiku lopanda nthawi, usipa, soya pieces kapena mfutso wotendera zimapsa pa makala a m'mbali nsima ili pamoto. Mbatata kapena kachewere wokwirira m'phulusa lotentha m'mawa amakhala wapsa nthawi ya tiyi.

8. Nsima

Anyamata ambiri kuvundula amadziwa, anaonera kwawo. Chimene sadziwa ndi kusunga moto wa nsima, ndipo nsima yambiri ya pa saiti imalephereka mthiko usanalowe m'poto.

Kwa anthu 8 ogwira ntchito yolemetsa, ine ndimawerengera ufa makilogalamu 2 ndi madzi malita 5. Madzi ochuluka chonchi, atagona panja mu Julaye, amadya nthawi ndi nkhuni kuti angofunda. Aterekeni msanga, pamoto wotsala pa nyemba kapena pa mbaula ya utuchi, kuti wophika akamabwera cha m'ma 11 koloko apeze afunda kale. Asanayambe china chilichonse, agawe nkhuni pawiri: zazikulu za phala, ndi tinkhuni towonda touma kapena zitsononkho zodzaza manja awiri, zoti zisakhudzidwe mpaka nthawi yovundula.

Madzi akafunda moti chala chikupirira pang'ono, asanawire, wazani ufa pang'onopang'ono uku mukutakasa, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu a ufa wonse. Madzi akakhala atawira kale, sungunulani ufawo m'madzi ozizira m'mbale, ndiye muthire, apo ayi mibulu simuithetsa. Powaza ufa fulatirani mphepo, dzanja litsike m'kati mwa poto, kupanda kutero theka la ufa mudyetsa nyerere. Takasani mpaka phala liyambe kuwira, ndiye vundikirani.

Nsima imapsera pa phala. Ufa umene muthire pambuyo pake umakhala pamoto mphindi zochepa chabe, ndiye phala likakhala laliwisi palibe chimene mthiko ungakonze. Panja, mphepo ikuomba, kumtunda kumene madzi amawira asanatenthe kwenikweni, phala limafuna nthawi yoposa ya kunyumba. La ufa woyera liwire mphindi 10 mpaka 15 lili chivundikire, la mgaiwa 20. Anzanu akhala akukuwa kuti nthawi yatha. Asiyeni akuwe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Phala lopsa limasintha: limanyezimira, limaphulika mabowo akuluakulu olavula, ndipo fungo la ufa wauwisi limatha. Chivundikiro muzitsegulira mbali yosayang'ana nkhope yanu, phala lolavula limamatirira pakhungu.

Phala likapsa, pungulani kapu imodzi musunge pambali. Nsima ikalimba kwambiri mudzafewetsa ndi limenelo, osati ndi madzi ozizira. Tsopano lowetsani tinkhuni towonda tija tonse, mudikire tigwire, ndiye muyambe kuthira ufa. Ufa wozizira umatsitsa kutentha kwa poto nthawi yomweyo, ndipo chivundikiro chili pambali, mphepo ikulowa. Ngati pansi pali makala okhaokha ofooka, nsima imaleka kupuma, mumangosakaniza ufa ndi phala lofunda. Imaoneka yolimba bwino, koma m'kamwa imamveka ufa, ndipo masana onse anthu amangodandaula m'mimba.

Thirani dzanja limodzi, vundulani mpaka ufa usaoneke, ndiye linanso. Kanikizirani nsima kukhoma la poto ndi mthiko kuti mibulu isweke, mukokere ya pansi pamwamba.

Poto wa pazitsulo amaterereka nsima ikayamba kulimba, ndipo ndi pamene anthu amapsa miyendo. Njira ndi ziwiri. Dulani kamtengo ka mphanda, mphandayo igwire poto m'munsi mwa mlomo, mbali inayo muiponde kapena muitsamiritse pa bondo, manja onse awiri akhale pa mthiko. Kapena mnzanu agwire mlomo wa poto ndi pulayala, ataima mbali ina. Musagwire ndi jumbo kapena ndi magolovesi a pulasitiki, ndipo ovala majombo a mphira asapanire poto ndi mapazi.

Ikalimba mmene mukufunira, isalazeni pamwamba, vundikirani, sololani nkhuni zoyaka, musiye pa makala mphindi zitatu kapena zisanu. Mudzamva nkhoko ikuthetheka pansi ndi kafungo ka chimanga chokazinga. Tsinani pang'ono ndi zala zonyowa: yopsa siimatirira. Vundulaninso kamodzi, phulani.

Omolani ndi chipande choviika m'madzi ofunda, mitanda ilowe m'beseni lovundikira kapena ikhale m'poto momwemo. Mukayala m'mbale zachitsulo zozizira n'kuyamba kuitana anthu ali pa denga, akamatsika apeza yauma pamwamba. Itanani anthu nsima ikadali pa makala, asambe m'manja, akhale kuseri kwa chotchinga chija, ndiye muomole. M'poto wa nsima thirani madzi nthawi yomweyo, muubwezere pa makala, otsukira mbale akhale ofunda.

9. Moto usalowe mogona, ndipo uzime musanachoke

Izi zikupita makamaka kwa alonda ndi onse ogona pa saiti, m'kontena, m'kanyumba ka malata kapena m'tenti. Usiku kukazizira, makala otsala pa chakudya chamadzulo amakopa kuwalowetsa m'kati n'kutseka chitseko. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Oti afiira bwino, utsi watha, akutulutsabe. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenako tulo tosadzuka. Ku South Africa chaka chilichonse nyengo yozizira anthu amafa motere m'tinyumba ta malata. Kusiya kampata pazenera sikokwanira, ndipo zoti beseni la madzi pambali pa mbaula limayamwa mpweyawo si zoona. Othani panja, mudye chotentha, ndiye mulowe. Mukafuna kofunda, tenthetsani njerwa youma pambali pa moto, muikulunge m'chiguduli, muike kumapazi. Mukapeza mnzanu atalefuka m'chipinda muli mbaula, tsegulani chitseko, mutulutseni panja msanga, muthamangire naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka n'kumati ali bwino.

Pozima, thirani madzi, takasani phulusa ndi fosholo, thiraninso, kenako yandikizani kuseri kwa dzanja mumve ngati kukutenthabe. Kukwirira ndi dothi kokha sikuzimitsa, makala a bulugamu amagona ndi moto mpaka mawa, ndipo mphepo ya mu Julaye ndi Ogasiti imawafukula. Nkhalango ya Chikangawa yakhala ikupsa chaka ndi chaka m'chilimwe, ndiye ocheka matabwa musamale koposa: chitini cha utuchi musachikhuthulire pafupi ndi mulu wa utuchi, chifukwa moto ukalowa m'mulumo umanyeka chamkati masiku angapo osaoneka. Khuthulirani m'dzenje, thirani madzi mpaka nthunzi ithe, chitinicho chizizire, ndiye mutsendere utuchi wamawa musanaweruke.